Kodi kulemera kwa nyimbo za m'ma 1980 kunkachokera m'makina akale aja?

Wojambula nyimbo, Mangochi Boma

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi kasitudiyo kakang'ono pa Boma, kumene ndimajambula makwaya ndi achinyamata oimba paokha, ndipo ntchito yonse ndimaigwirira pa kompyuta ndi kiyibodi imodzi. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndikamvetsera nyimbo za pop za m'zaka za m'ma 1980, za ku America ndi ku Britain ngakhalenso za ku South Africa zimene makolo athu ankavina, ng'oma zake zimamveka zolemera ndiponso zosapikisana ndi mawu a woimba, pamene zanga zimamveka zopyapyala ndi zounjikana, chonsecho ndili ndi mawu a ng'oma ochuluka zedi mu kompyuta.

Mkulu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg waona kiyibodi ya Yamaha DX7 ya kaunjika pa mtengo umene angaukwanitse, ndipo akuti angathe kufunsiranso makina oimba ng'oma akale ndikamuuza mtundu wake. Kodi kamvekedwe kaja kankachokera m'makinawo, kapena m'manja mwa anthu amene ankawagwiritsa ntchito? Nanga n'chinthu chanzeru kubweretsa chipangizo cha zaka zoposa 40 kuno kunyanja?

Mkulu wa bandi, Monkey Bay

Achimwene, musanatume munthu kukagula chilichonse, dziwani kuti makina a ng'oma a nthawi imeneyo anali a mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ndipo khutu lanu liyambe ladziwa umene likuufuna.

Mtundu woyamba ndi wa Roland TR-808, amene anatuluka ku Japan mu 1980. M'makina amenewa mulibe mawu ojambulidwa a ng'oma yeniyeni, chifukwa mawu onse amapangidwa ndi magetsi nthawi yomweyo. Ng'oma yaikulu ija imachokera m'kachigawo kamene kakalandira mphamvu ya magetsi kamanjenjemera motsika kwambiri kenako n'kumazilala pang'onopang'ono, ndipo pali kabatani kopotokola kamene kamatalikitsa kapena kufupikitsa kuzilalako. Mukatalikitsa, ng'omayo imagwira ntchito ya besi nthawi yomweyo. Oimba ambiri anawanyoza makinawa kuti samveka ngati ng'oma zenizeni, malonda sanayende bwino, ndipo Roland inasiya kuwapanga mu 1983 itapanga pafupifupi 12,000 okha. Kutsika mtengo kwawo m'masitolo a katundu wakale n'kumene kunawafikitsa m'manja mwa achinyamata opanda ndalama zambiri, ngakhale kuti mu 1982 anali atamveka kale mu "Sexual Healing" ya Marvin Gaye ndi mu "Planet Rock" ya Afrika Bambaataa.

Mtundu wachiwiri ndi wa Linn LM-1, amene Roger Linn anatulutsa ku America m'chaka chomwecho cha 1980. Awa ankasunga mawu a ng'oma zenizeni m'machipu, koma popeza malo osungira mawu anali odula kwambiri masiku amenewo, mawu aliwonse anali afupi, ojambulidwa pa 8-bit, kutanthauza mosasalala kwenikweni, ndipo mbale yaikulu yolira nthawi yaitali ija munalibemo. Mtengo wake unali pafupifupi madola 5,000, pamene 808 inali madola 1,195, ndipo anapangidwa pafupifupi 500 okha, kotero amene anawagula anali oimba otchuka kale. Ng'oma iliyonse inali ndi kabatani kake kokwezera kapena kutsitsira mawu, komanso potulukira pakepake kuseri. Prince ankatsitsa mawu a ng'omazo mpaka kusiya kufanana ndi ng'oma wamba, n'kuzidutsitsa m'zipangizo za gitala. Mvetserani "When Doves Cry" ya 1984: mulibe besi ngakhale pang'ono, koma simumva kuti chinachake chikusowa, chifukwa LM-1 yadzaza malowo. Pambuyo pake kunabwera LinnDrum mu 1982, ndiponso panali Oberheim DMX, imene ng'oma yake yaikulu imatsegula "Blue Monday" ya New Order ya 1983.

Tsono yankho langa ndi ili. Makinawa anali ndi mawu ochepa, afupi, ndipo aliwonse ankapita pa njira yakeyake pa mikisa, kumene injiniya ankawasema payekhapayekha. Kufupika kwa mawuwo n'kumene kunkasiyira woimba mpata. Ndikukayikira kuti vuto lanu ndi kuchuluka kwa zimene muli nazo, chifukwa achinyamata amene ndawaona akujambula amasanjikiza ng'oma zazikulu zitatu ndi masineya (ng'oma zazing'ono zolira mokuthwa) anayi, kenako n'kumadabwa kuti kwaya yamira. Sankhani mawu osaposa asanu ndi atatu a makina amodzi, amene amapezeka pa intaneti, ndipo mumalize nyimbo yonse osawonjezerapo. Za kugula 808 kapena LM-1 yeniyeni ziiwaleni, popeza lero zimagulidwa ndi madola masauzande ambiri.

Wokonza mawailesi ndi zoimbira, Mpondasi

Bambo a ku Monkey Bay anena za kamvekedwe, ine ndinene za zimene zimafika pa tebulo langa. Kuno kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi chinyontho cha m'mbali mwa nyanja zimakalambitsa zipangizo msanga. Kiyibodi ina imene anandibweretsera oimba a kumalo ogona alendo nditaitsegula ndinapeza dzimbiri lobiriwira pa timawaya tapansi pa makiyi, mazira a mphemvu pafupi ndi thiransifoma, ndi makapasita otupa pamwamba. Kunja kwake inkaoneka yabwinobwino.

Ngati akulu anu atsimikiza zogula DX7, ayambe awerenga kachitsulo kolembedwa kuseri. Ina inapangidwira magetsi a ku Japan a mavoti 100, ina a ku America a mavoti pafupifupi 120, pamene athu ndi 230, ndipo mukailumikiza popanda chotsitsira mphamvu imapsa nthawi yomweyo. Chachiwiri ndi batire. Mkati mwake muli kabatire kozungulira komatidwa ndi mtovu pa bolodi, kamene kamasunga mawu 32 a m'makinawo. Kakatha mphamvu, mawu aja amasokonekera ndipo pa kagalasi pamaoneka zilembo zopanda tanthauzo. Limeneli si vuto lalikulu, chifukwa batire limasinthika ndipo mawuwo amabwezeretsedwa kuchokera mu kompyuta kudzera pa MIDI, njira yolumikizira zoimbira ndi makompyuta, koma ogulitsa ena amabisa, ena amatsitsa mtengo poganiza kuti chipangizo chafa. Mabatani ake ndi a pulasitiki yosalala yongodina, ndipo akang'ambika zosinthira zake sizipezeka m'sitolo iliyonse kuno. Auzeni adine makiyi onse 61 limodzi ndi limodzi, modekha kenako mwamphamvu, akujambula pa foni kuti akutumizireni pa WhatsApp. Muwerengerenso kulemera kwake, makilogalamu pafupifupi 14, pokambirana ndi onyamula katundu wa ku Joni, osaiwala msonkho wa pachipata.

Akakuuzani za kiyibodi ya Roland Juno-106, chenjerani koposa. Muli machipu otchedwa 80017A amene amadziwika kuti amafa akakalamba, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mukamadina makiyi motsatizana, liwu limodzi mwa asanu ndi limodzi alionse limasowa kapena limalira mosalekeza.

Maganizo anga ndi akuti musagule. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Dexed imene imawerenga mawu enieni a DX7, ndipo popeza DX7 imapanga mawu ndi masamu, kompyuta imawatsanzira mosavuta kusiyana ndi mmene imatsanzirira makina a analogi, amene amapanga mawu ndi magetsi mwachindunji. Ndalamazo mugulire masipika abwino a mu situdiyo ndi chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu.

Mayi woimbira kwaya, Malindi

Achimwene a ku Mpondasi akunena zoona pa nkhani ya masamu, koma sindikuvomereza kuti nkhani yathera pomwepo. DX7 inatuluka mu 1983, ndipo imagwiritsa ntchito njira ya FM imene John Chowning anatulukira pa yunivesite ya Stanford. Muli timagwero ta mawu tisanu ndi kamodzi timene timagwedezana tokhatokha, ndipo tingalumikizidwe m'njira 32. Chimene chinakopa oimba n'chakuti mawu ake amasintha mtundu malinga ndi mmene chala chagundira: mukadina mofatsa piyano yake imamveka yofewa, mukagunda mwamphamvu pamatuluka kulira kwa belu pamwamba pake. Kiyibodi zotsika mtengo zimene ambiri timalumikiza ku kompyuta sizimva bwino kusiyana kumeneku, ndipo munthu akalemba manotsi ndi mausi onse amatuluka ndi mphamvu yofanana. Pamenepo Dexed imamveka yakufa ngakhale masamu ake ali olondola. Makiyi a DX7 ndi abwino kwambiri, ndipo ngati ili yamoyo ndiponso mtengo wake ndi wofatsa, ine ndikanagula chifukwa cha makiyiwo.

Koma mwana wanga wa pa Boma, usayembekezere kuti idzakupatsa kulemera kumene ukukufuna. Kupanga mawu atsopano pa DX7 kunali kovuta, chifukwa zonse zimasinthidwa ndi kotsetsereka kamodzi ndi kagalasi kakang'ono, motero oimba ambiri ankangogwiritsa ntchito mawu amene anabwera nayo, makamaka E.PIANO 1 pa nambala 11 ndi BASS 1 pa nambala 15. N'chifukwa chake nyimbo zachikondi zambiri za zaka zimenezo zili ndi piyano yofanana. Mkati mwake mulibe reverb (kulira konga kwa m'chipinda chachikulu) kapena chorus (chokhuthalitsa mawu), ndipo mawu amatulukira pa waya mmodzi, kotero ukaimva payokha ndi yowuma ndi yozizira. Mawu ofunda oyala kumbuyo kwa woimba ankachokera ku makina a analogi monga Prophet-5 ya 1978, Jupiter-8 ya 1981 ndi Juno-60 ya 1982. MIDI itayamba mu 1983, zinatheka kudina kiyibodi imodzi n'kuliza makina awiri, ndipo ojambula ankaika kuthwa kwa DX7 pamwamba pa kufunda kwa analogi.

Ndiwonjezere kuti makina amenewo ankaimba manotsi ochepa nthawi imodzi, asanu pa Prophet-5, asanu ndi limodzi pa Juno, 16 pa DX7, ndipo Minimoog ya 1970 inkaimba limodzi lokha. Woimba ankakakamizika kusankha manotsi ofunika, dzanja lamanzere n'kusiyira besi malo ake. M'makwaya athu woimba kiyibodi amadzaza zala zonse khumi pamalo amene tena ndi alto akuimba, ndiye mawu a anthu amakanganirana malo ndi chida. Ngati kamvekedwe kamene ukukakumbuka ndi ka kumapeto kwa zaka zimenezo ndi ka m'ma 1990, ufunsenso za Korg M1 ya 1988, chifukwa piyano ndi ogani yake n'zimene zinadzaza nyimbo zovina za nthawi imeneyo.

Wojambula nyimbo, Mangochi Boma

Zikomo kwambiri bambo, achimwene ndi mayi. Ndamuuza mkulu wanga kuti ajambule makiyi ndi kachitsulo ka kuseri tisanagwirizane chilichonse. Ndatsala ndi mafunso awiri kwa bambo a ku Monkey Bay. Achinyamata ambiri amene ndimawajambula amafuna kugunda kwa manganje, ndipo pa mabokosi 16 a pulogalamu yanga kumatuluka kowuma ngati perete. Kodi makina akalewo ankatha kuimba ng'oma zotere? Komanso sineya yophulika n'kuduka mwadzidzidzi ya m'nyimbo zija inali ya makina ati?

Mkulu wa bandi, Monkey Bay

Ankatha, achimwene. Ng'oma zambiri za kwathu zimayenda pa magawo 12, atatuatatu, pamene pop ya kunja imayenda pa 16, anayianayi, ndipo mukakakamiza zoyambazo kulowa m'mabokosi 16 zimatsimphina. TR-808 ili ndi mabatani 16 kutsogolo, koma ilinso ndi chosankhira chotchedwa pre-scale chimene chimagawa kugunda kulikonse patatu, ndipo kutalika kwa mzere kumatha kuikidwa pa 12. Pulogalamu yanu ili ndi zofanana ndi zimenezi, muzifufuze. LM-1 inali ndi shuffle, imene imachedwetsa pang'ono kagawo kachiwiri kalikonse, komanso inkalola munthu kugunda mabatani ndi zala uku makina akuwongola nthawi. Chimene ndingachite ine ndi kusiya ng'oma yaikulu ndi timbale ta hi-hat kwa makina, kenako n'kuitana mnyamata wodziwa ng'oma za manja kuti aimbe pamwamba pake, osawongola zimene waimbazo. Ojambula a nthawi ija ankachita kawirikawiri zotere ndi maseche, mbale ndi ng'oma za manja.

Sineya imene mukuifunsayo si ya makina a ng'oma, ndi luso la mu situdiyo. Linatchuka kuchokera ku situdiyo ya Townhouse ku London, pamene Hugh Padgham ankajambula Phil Collins akuimba ng'oma zenizeni pa chimbale cha Peter Gabriel cha 1980. Maikolofoni ankatola kulira kwa chipinda chonse, kompuresa n'kukukweza kwambiri, kenako chipangizo chotchedwa gate n'kukudula kusanazilale. Mu "In the Air Tonight" ya 1981 mumamva zonse ziwiri: chiyambi chofatsa chija ndi makina a Roland CR-78, ndipo ng'oma zophulika zobwera mochedwa zija ndi za manja, zodulidwa mwa njira imeneyi. Pambuyo pake anthu anayamba kuchita zomwezo pa sineya ya LinnDrum ndi DMX.

Pa kompyuta yanu tumizani sineya yokha ku reverb yaikulu, muike kompuresa yolandira kulira kochokera ku reverb, kenako gate imene ikutsegulidwa ndi sineya yomweyo, ndipo muifupikitse kufikira kulirako kukuduka ng'oma yaikulu yotsatira isanagunde. Ng'oma yaikulu musaitumizeko, chifukwa pansi ponse padzachita matope. Mukamaliza mukayesere pa sipika yaing'ono ya wailesi ndi pa foni, popeza kutsika kwa 808 sikumveka pa masipika otere, ndipo mungafunike kufupikitsa kuzilala kwake n'kukweza kugogoda kwa poyambira kuti amene akumvera m'minibasi ya ku Namwera aimve.