Kamba wa sitachi yochepa wa ulendo wa masiku atatu: ndiphike chiyani Lachinayi usiku?

Make Tadala

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kamba wa paulendo, chonde mundithandize lisanafike Lachinayi.

Miyezi inayi yapitayo bambo a kunyumba kuno anawapeza ndi matenda a shuga, a mtundu wachiwiri aja. Adokotala anawauza kuti achepetse zakudya za sitachi ndi zotsekemera, ndipo pakhomo tazolowera ndithu. Buledi wa m'mawa anasiya, mpunga amadya wochepa, m'mbale mwawo mumachuluka masamba, mazira ndi nyama. Shuga wawo wa m'mawa watsika, eni akenso akuti thupi likupepuka. Koma zonsezi zikutheka chifukwa khitchini ili pafupi.

Lachisanu masana tikunyamuka ndi ana athu awiri, wazaka 9 ndi wazaka 4, ndipo tidzabwerako Lamulungu madzulo. Ndi ulendo wa maola asanu pagalimoto. Kumene tikukagonako kuli kachitofu ka gasi kophikirapo poto mmodzi, koma furiji kulibe. Tili ndi cooler box yaikulu imodzi, ndipo alamu anga ati atibwereka ina yaing'ono.

Chikundidetsa nkhawa n'chimene chinachitika mwezi watha. Tinayenda ulendo wa tsiku limodzi osatenga kanthu, njala itatipweteka tinaima pamalo othirira mafuta. Munali mabisiketi, mabanzi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera basi. Bambo anadya chifukwa panalibe kuchitira mwina. Usiku atadziyeza, nambala imene inatuluka inawakhumudwitsa kwambiri moti anakagona osayankhula ndi munthu. Sindikufuna zimenezi zibwerezenso. Komanso sindikufuna kuti azikadya paokha ngati wodwala, ana akudya zokoma pambali.

Nthawi yophika ndili nayo usiku umodzi wokha, Lachinayi ndikaweruka kuntchito. Ndiphike chiyani chimene chingafike Lamulungu osawonongeka? Nanga zokhwasulakhwasula za m'galimoto ndiike zotani?

Woyendayenda

Make Tadala, pepani ndi zimene zinachitikazo, ine ndinazidutsamo. Ndatha zaka zitatu ndikudya mochepetsa sitachi ndipo ntchito yanga ndi ya pamsewu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kamba wotere umamusanja potengera chimene chiyambe kuwonongeka. Kukoma kumabwera pambuyo.

Nyama yophika imakhala masiku atatu kapena anayi m'furiji yozizira madigiri 4 kapena kutsika. Cooler box si furiji, makamaka ikamatsekulidwa kawirikawiri. Ndiye zimene mudzadye Loweruka madzulo muziike mufiriza Lachinayi usiku ziume gwa. Zikatero zimagwira ntchito ziwiri: zimaziziritsa zinzake m'bokosimo, ndipo zimasungunuka pang'onopang'ono mpaka nthawi yake yodyera.

Ine ndikanakhala inu ndikanayatsa uvuni kamodzi kokha n'kuphikamo zinthu zitatu. Poyamba ntchafu za nkhuku zothira mchere, adyo ndi mandimu. Ntchafu zimaposa chidali chifukwa zikazizira siziuma. Zipse mpaka pafupa, ngati muli ndi choyezera chifike madigiri 74. Kenako timipira ta nyama yogaya: kilogalamu imodzi, mazira awiri, anyezi wosinja bwino, osathiramo nyenyeswa za buledi, dzira lokha limagwira. Pomaliza timakeke ta mazira. Menyani mazira khumi, thiranimo sipinachi, anyezi, tsabola wobiriwira ndi tchizi, muike m'zikombole zophikira makeke ang'onoang'ono, madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 20. Masambawo muyambe mwawakazinga kuti madzi atuluke, apo ayi timakeketo timadzanyowa pansi pofika m'mawa.

Uvuni ukugwira ntchito, wiritsani mazira ena khumi ndi awiri. Musawasende. Dzira lowiritsa limakhala mpaka masiku 7 likamazizira, ndipo lili ndi makabohaidireti (sitachi ndi shuga wa m'chakudya) osafika galamu imodzi, pamene kagawo kamodzi ka buledi woyera kali ndi magalamu 13 mpaka 15. Koma mazira owiritsa musawaike mufiriza, choyera chija chimasanduka ngati mphira.

Kadyedwe kake ndi aka. Lachisanu panjira ndi madzulo, nkhuku. Loweruka m'mawa, timakeke ta mazira. Loweruka madzulo, timipira tija mutenthetse pagasi ndi tomato wa m'chitini mpaka titenthe mkati monse. Lamulungu musadalirenso nyama yophika Lachinayi. Tsiku limenelo n'la nsomba za m'chitini, tchizi cholimba, mtedza ndi mapeyala. Mapeyalawo mugule osapsa kwenikweni kuti akapsere komweko.

Za letesi iwalani, amafota tsiku lomwelo. Dulani kabichi mopyapyala, thirani viniga, mafuta ndi mchere, muike m'kontena yotseka bwino. Pofika Loweruka amakhala atakoma kuposa tsiku loyamba.

Namwino Wopuma

Mayi, musanayambe kuphika ndifunse kaye: bambowo akumwa mankhwala anji? Funsoli n'lofunika kuposa maphikidwe onse. Ngati amabaya insulin, kapena amamwa mapiritsi monga glibenclamide kapena gliclazide, kuchepetsa sitachi kwambiri pa tsiku loyenda kungagwetse shuga pansi, ndipo zimenezi n'zoopsa munthu ali pachiwongolero. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka mutu. Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L pa kachipangizo koyezera, munthu amafunika magalamu 15 a shuga wolowa msanga m'magazi, monga theka la kapu ya juwisi kapena supuni yaikulu imodzi ya shuga, kenako adziyezenso pakatha mphindi 15. Tchizi ndi mtedza sizithandiza pa nthawi imeneyo. Palinso mapiritsi ena, monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amene sagwirizana ndi kudula sitachi kotheratu. Amene amamwa amenewa ayambe aonana ndi adokotala awo.

Chachiwiri ndi ana. Iwo sakudwala ndipo akukula, musawachepetsere chakudya chopatsa mphamvu. Atengereni buledi, nthochi, chilichonse chimene amadya masiku onse. Ndipo wazaka 4 uja musamupatse mtedza wathunthu, makamaka galimoto ikuyenda. Ana osafika zaka 5 amatsamwa nawo mosavuta, ndipo inu muli kutsogolo simungaone msanga. Mphesa ndi timatimati tating'ono tija muzidule m'litali.

Pa zimene anena a Woyendayenda ndingowonjezera chimodzi. Chakudya chophika chisakhale kunja kwa cooler box kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana mofulumira pakati pa madigiri 4 ndi 60, ndipo chakudya chikhoza kukhala choopsa chisananunkhe n'komwe. Munthu wa shuga akatsekula m'mimba kapena kusanza, madzi amatha msanga m'thupi ndipo shuga wake amavuta kumuwongolera. Lachinayi usikuwo musadikire kuti poto azizire yekha mpaka m'mawa. Gawani chakudyacho m'makontena osaya kuti chizizire msanga, chilowe m'furiji maola awiri asanathe.

Make Tadala

Zikomo kwambiri nonse awiri. Anamwino, bambo akumwa metformin yekha, kawiri pa tsiku. Ndinawerengapo kuti ameneyu payekha sagwetsa shuga kawirikawiri, komabe ndiika kabotolo ka juwisi ndi kachipangizo koyezera kaja kutsogolo, osati m'buti. Za mtedza mwandipulumutsa. Ndinali nditaganiza kale zoika kontena ya mtedza pakati pa ana awiriwo kumpando wakumbuyo.

A Woyendayenda, nzeru youmitsa timipira tija ndaigwira. Funso langa latsala pa zipatso. Bambo amakonda nthochi kwambiri, ndipo ana akamadya ndikudziwa kuti mtima wawo udzakhala pomwepo. Kodi chilipo chipatso chimene angadye mosaopa? Komanso soseji, ndinaganiza zogula kuti ndichepetse ntchito. Zili bwino?

Mayi wa Anyamata Atatu

Achemwali, ndiyankhe za zipatso ndi soseji, kenako ndinene pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Woyendayenda.

Nthochi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 27 a makabohaidireti, apozi wapakatikati pafupifupi 25. Sitiroberi wokwana magalamu 100 ali ndi pafupifupi 8 okha. Ndiye ngati mungapeze sitiroberi, tengani, koma musamutsuke mpaka nthawi yodya chifukwa akanyowa amawonongeka msanga. Muthire pa yogati wopanda shuga, osati wa zipatso uja, ameneyo amathiramo shuga wambiri. Koma kunena zoona, theka la nthochi ndi mtedza wodzaza dzanja si mlandu. Amuna anga ali ndi shuga chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo ndinaona kuti kuwaletsa chinthu kotheratu n'kumene kumawapangitsa kukachidya chonse mobisa. Amene amatsata kadyedwe ka sitachi yochepa ambiri amawerengera magalamu osapitirira 130 pa tsiku, ndipo theka la nthochi limalowamo bwinobwino. Amene amatsika mpaka magalamu 20 kapena 50 ndi a keto, kadyedwe kodula sitachi pafupifupi yonse, ndipo sindikumva kuti adokotala anu ananena zimenezo.

Pa mtedza pomwepo, si wonse wofanana. Wa cashew uli ndi makabohaidireti ambiri kuposa almond kapena macadamia. Ndipo muugawiretu m'timapepala kapena timakontena ting'onoting'ono, chifukwa munthu akuyendetsa galimoto dzanja limangopita m'thumba osawerenga.

Soseji werengani chikalata chake. Zambiri amasakanizamo ufa kapena nyenyeswa za buledi kuti zichuluke. Tomato sosi wa m'botolo nayenso ali ndi shuga pafupifupi magalamu 4 pa supuni yaikulu iliyonse, ndipo palibe amathira supuni imodzi yokha. Masitadi kapena mandimu n'zabwino.

Tsopano pamene ndikusiyana ndi a Woyendayenda. Mndandanda wawo ndi wabwino, koma mwati Lachinayi mukuchokera kuntchito. Nkhuku, timipira, timakeke, mazira owiritsa ndi kabichi usiku umodzi, mudzagona 1 koloko ndipo mudzanyamuka mutatopa kale. Ine ndikanachotsa timakeke ta mazira. Muli ndi gasi kumeneko, tengani mazira aawisi m'cooler box mukakazinge Loweruka m'mawa, n'zamphindi zisanu ndipo ana amasangalala ndi chakudya chotentha. Timipira muumbe n'kutiphika Lachitatu, tikhale m'firiza masiku awiri, timauma bwino kuposa ta usiku umodzi.

Za kudya paokha zija ndizo zandikhudza kwambiri, chifukwa ifenso zinativuta chaka choyamba. Ndinkaphika miphika iwiri, wina wa "bambo" wina wa "tonse", ndipo amuna anga ankadya mwamanyazi. Tsopano ndimayala zonse pakati: nkhuku, mazira, nkhaka zodula m'litali, karoti, tchizi, mapeyala, kabichi. Buledi amakhala pambali penipeni pa anyamata. Aliyense amatola yekha. Anyamatawo amapanga sangweji, bambo awo amakulunga nkhuku ndi peyala m'tsamba la kabichi, ndipo wamng'ono wanga anayamba kuwatsanzira. Palibe amene amaoneka wodwala pamenepo.

Woyendayenda

Za Lachitatu ndikuvomereza, amayi akunena zoona. Ndingowonjezera za mabokosi awiriwo. Laling'ono likhale la madzi akumwa ndi zokhwasulakhwasula za panjira, litsekulidwe kangati kaya. Lalikulu likhale la chakudya, lizitsekulidwa nthawi yodya yokha. Mabotolo a madzi a malita awiri muwaumitse m'firiza, osawadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma. Madzi oundana achibuluma chotero amachedwa kusungunuka kusiyana ndi timiyala ta ayisi, sanyowetsa chakudya, ndipo akasungunuka mumamwa. Bokosi likhale lodzaza, mpata wotsala mutsekepo ndi thaulo, ndipo mukafika muliike pamthunzi, osalisiya m'galimoto yotseka.

Make Tadala

Ndalemba zonse papepala ndipo ndamata pachitseko cha furiji. Lachitatu ndiumba timipira n'kutiphika, ndi kuika mabotolo anayi m'firiza. Lachinayi ndi nkhuku, mazira owiritsa ndi kabichi basi. Timakeke ta mazira ndidzayesa tikabwerako, ndikufuna ndione ngati tingathandize pa kadzutsa wa masiku a ntchito.

Usiku wathawu ndinawawerengera bambo zimene mwalembazi. Pa theka la nthochi paja anamwetulira, ndipo anena kuti kabichi adula okha Lachinayi. Wamkulu uja wapempha kuti ntchito yogawa mtedza m'timakontena ikhale yake, ndamuuza kuti timakontenato tikhala kutsogolo ndi ine, mng'ono wake apatsidwa nthochi ndi tchizi.

Chatsala chimodzi. Nsomba za m'chitini za Lamulungu zija, nditenge zothira mafuta kapena za m'madzi amchere? Zija za mu tomato ndaona kuti chikalata chake chalemba shuga, ndiye ndazibwezera pashelefu.