Ndisamukire ku Queens kapena ndingokhala kumudzi konkuno? Anzanga azachipatala ndithandizeni maganizo

NesiWaKuseri:

Moni nonse. Pali nkhani ikundisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse amene munadutsamo kale. Ine ndi namwino komanso mzamba, ndili ndi dipuloma, ndikugwira pa kachipatala kena ka boma kuno ku Ntcheu, kumudzi kwenikweni koti netiweki timachita kuyisaka pachulu. Ndiye mwayi waoneka woti nditha kupita kukagwira ntchito ku Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mtima ukufuna koma mutu ukukana kkkk.

Kuno nyumba ndi yachipatala, tili ndi kamunda chimanga sitigula, nkhuku zilipo, kachewere ndi kabichi ndiye osanena. Koma ndatopa anzanga, ukakhala pafupi ndi chipatala ofu kulibe, 2 koloko usiku mlonda akugogoda kuti kwabwera wamatenda, Lamulungu uli kutchalitchi akukuitana. Ndikufunanso kukwera sukulu ndipeze digiri, komanso ana anga awiri aphunzire pabwino, wamkulu ali sitandade 3. Bambo akunyumba ndi aphunzitsi apulayimale, iwo akuti zili kwa ine. Funso langa ndi loti salale yathu ya bomayi munthu ungakhalire mu Blantyre osalowa katapila? Nyumba ndifune dera liti poti kuli ma naiti? Nanga za lokamu, ntchito yapadera yolipidwa imene munthu amagwira pa nthawi yake yopuma, zomwe anthu amakamba zija ndi zoona kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Sisita_Chitawira:

Asisi bwerani, koma mubwere maso ali otsegula. Ine ndakhala mu Blantyre muno nthawi yaitali ndithu ndipo chomwe ndimauza aliyense wobwera ndi chimodzi, nkhani yonse yagona pa nyumba. Mukapeza nyumba malo abwino moyo uphweka, mukalakwitsa pamenepo mudzadana ndi tauni yonse pomwe vuto ndi poti mukukhala basi.

Queens ili ku Ginnery Corner, mmbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, ndiye minibasi zambiri zochoka ku Limbe kupita mtauni zimadutsa pompo. Mfundo yake ndi yoti mufune malo oti mukwera minibasi imodzi yokha kapena kuyenda wapansi kumene. Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Zingwangwa mbali yakumunsi, Chinyonga, Kanjedza, amenewo ndi madera omwe anamwino ambiri amalimbirana, ndipo eni nyumba amadziwa zimenezo ndiye lendi yake siyosekerera ayi. Anthu amathamangira ku Machinjiri, Chirimba, Lunzu, mwina Bangwe mkati poti nyumba ndi yotchipa komanso yaikulu, koma werengerani minibasi ziwiri popita ziwiri pobwera, mwezi wonse, muona kuti zomwe mwapulumutsa pa lendi zathera kwa kondakitala. Ndiye kukati kwavuta mafuta mitengo imakwera tsiku lomwelo, handiova (kusiyirana ntchito muwodi) ikuyamba inu muli pa siteji mukulimbirana chitseko ndi yunifolomu yoyera. Mukaweruka naiti mmawa thupi lili lende, ulendo wa minibasi ziwiri umawawa mosasimbika.

Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu nthawi imodzi, ndiye yambiranitu kusunga. Ma ejenti achenjereni, ena amakulipiritsa yongokaonera nyumba kenako akukuonetsa yoti muli kale anthu. Bola kufunsa anzanu akuwodi, nthawi zonse pamakhala wina amene akusamuka kapena landilodi wake ali ndi boyizi kwata yopanda munthu. Ndipo musanalipire funsani aneba, osati landilodi, kuti madzi amatuluka kangati pa sabata. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Shire ku Walker's Ferry, amachita kuwapopa kukwera mtunda wonse uja, ndiye magetsi akavuta nawonso amavuta ndipo oyamba kuuma ndi mipopi ya kumtunda. Zigubu ndi diramu mubwere nazo, musazisiye kumudzi poti mukupita mtauni.

Chinanso musatenge nyumba yotsamira phiri kapena ya mmphepete mwa mtsinje ngakhale itchipe bwanji. Tonse tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika mphiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ife amene tinali pa ntchito masiku amenewo sitifuna nkukumbukira komwe.

Kumbali ya ntchito, kumeneko ndiye simudzanong'oneza bondo. Queens ndi chipatala chachikulu kuposa zonse mMalawi muno, mabedi opitirira 1,000, chinatsegulidwa 1958, ndipo matenda ngati amene kwanuko mumalembera kalata nkuyitana ambulansi ndi amene amabwera kuno. Zomwe munkangoziwerenga mbuku mudzaziona ndi maso. Kuli Chatinkha kwa amayi oyembekezera poti inu ndi mzamba, kuli Mercy James ya maopaleshoni a ana yomwe inatsegulidwa 2017, kuli madokotala akuluakulu amene akamazungulira muwodi ndi ana asukulu iwenso umatolapo nzeru ulele. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ili pafupi pomwepo, ija inapangidwa 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo kampasi ina ya anamwino ili ku Kameza njira yaku Chileka. Kulinso a kafukufuku wa zaumoyo ngati MLW (Malawi-Liverpool-Wellcome) amene nthawi zina amalemba anamwino. Zonsezi ukakhala kumudzi umazimva deti itadutsa kale. Komanso ukaweruka waweruka, palibe mlonda adzagogode pakhomo panu usiku.

O, ndi majuzi mubwere nawo, Juni ndi Julayi chiperoni chake sichicheza, ngakhale poti ndinu aku Ntcheu mwina mudzatiseka.

Kiliniko265:

Achemwali, a Sisita anena zoona koma akometsa pang'ono. Ine ndi kiliniko ofesa, ndinachoka kuboma lina kubwera ku Lilongwe ndi maganizo omwewo a moyo wabwino. Ndikuuzeni mosabisa, salale ya boma ndi imodzimodzi, giredi yanu ku Ntcheu ndi giredi yanu ku Blantyre, palibe amene adzakuwonjezereni poti mwalowa mtauni. Chosintha ndi mabowo otulukira ndalama. Panopa simulipira lendi yeniyeni, simugula ufa, ndiwo zamasamba mumangothyola kuseri. Mtauni chilichonse ndi ndalama, makala, mayunitsi, madzi, tomato, wotaya zinyalala, ngakhale chisoso chomwe kwanuko mumapalira nkutaya kuno chili pa mulu pamsika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amene tinalira kwambiri ndi ife amtauni, anzathu akumudzi nkhokwe zinawatchinjiriza.

Sukulu za ana zabwino zomwe mukunenazo ndi zapulaiveti, ndipo fizi yake teremu iliyonse imabwera ndi kalata yoti takweza. Zaboma zamtauni ana ndi ochuluka mkalasi mwina kuposa kwanuko.

Za lokamu ndi zoona ilipo, koma musaiwerengere pa bajeti. Ya boma ndalama yake simadziwika tsiku lobwera, ine pena pake ndinadikirapo mpaka kuiwala kuti ndinagwira. Ya mzipatala zapulaiveti imathandiza, ku Blantyre kuli Mwaiwathu, Adventist ndi makiliniki ambirimbiri, koma ofuna ndi ambiri, pali achinyamata omaliza sukulu amene sanalembedwe ntchito nawonso akusaka pomwepo, ndiye zimayendera kudziwana. Ndipo lokamu imatanthauza kuti tsiku lanu lopuma mwaligulitsa. Mukuthawa kugogodedwa usiku, mukapezeka mukuchoka naiti kuno nkukalowa dei kwina, ana kumakuonani Lamulungu lokha.

Ndiye pali msonkho wina umene palibe amakuuza. Mukangoyamba ntchito pa sentro, chipatala chachikulu ngati Queens, mudzi wonse wakwanu ndi wakwa amuna anu udziwa kuti tili ndi munthu wathu ku Queens. Aliyense wotumizidwa kumeneko afikira kwanu, wodwala ndi gadiyani wake, ena kudikira deti ya opaleshoni masabata, ena angobwera kudzaonetsa diso koma thiransipoti yobwerera ndi yanu. Simungawathamangitse, ndi abale. Kwathu pabalaza matiresi sachoka. Muyikeni pa bajeti ameneyo.

Sindikuti musapite. Ngati cholinga ndi sukulu ndi kukwera pantchito pitani, mwayi uli mtauni. Koma ngati mukuganiza kuti mukapuma kapena ndalama ikachuluka, ayi ndithu, zaka ziwiri zoyambirira mudzakhala wosauka kuposa panopa.

Mai_Awiri:

Munda musagulitse, musabwereketsenso kwa munthu wovuta kumuchotsa. Ntcheu ndi Blantyre mpafupi, basi ya mmawa masana muli kumudzi. Limani konko, mukakolola matumba akwere lole abwere. Anzathu ambiri mtauni muno akupulumukira chimanga chakumudzi, amene amagula cha pa chigayo mwezi wa Januwale ndi Febuluwale amaona zakuda. Ndipo mukamabwera kuchokera kumudzi muzinyamula kachewere ndi nyemba zambiri, kuwodi zimagulidwa tsiku lomwelo, ndi kabizinesi kabwinobwino ameneyo kkk. Banki mkhonde ya kuwodi mulowe mwezi woyamba womwewo.

MkuluWaMaFayilo:

Ine ndili ku ofesi yoona za antchito, ndingoonjezera za mapepala poti anthu ambiri amapwetekera pamenepa. Inu panopa muli pansi pa khonsolo ya boma lanu, pomwe zipatala za sentro zili pansi pa unduna ku likulu. Ndiye uku sikungosamuka ngati kuchoka pa helefi senta ina kupita ina ayi, dzina lanu likuyenera kuchoka pa peyirolo ina kulowa ina. Musanyamule katundu chifukwa cha foni ya munthu woti bwerani malo alipo. Mukhale ndi kalata mmanja, yokutulutsani uko ndi yokulandirani kuno, mufotokope zonse musunge, ndipo mufunse kuti salale izituluka mbali iti mwezi umene mukusamukawo. Zimachitika munthu kukhala osalandira chifukwa uku anamuchotsa uko sanamulowetse, ndiye tangoganizani muli mtauni mwalipira kale lendi ya miyezi itatu. Laisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council ikhalenso yatsopano.

Za sukulu musaganize kuti mukangofika mwezi wamawa akupatsani tchuthi chokaphunzira. Pamakhala mzere, ena anayamba kudikira kale inu musanabwere. Mwayi ulipo kuposa kumudzi koma pamafunika kudekha.

Nkhani ya bambo ndiye yambani lero. Aphunzitsi apulayimale nawonso ali pansi pa makhonsolo, ndipo kulowa mu Blantyre tauni nkovuta chifukwa aliyense amafuna komweko, sukulu zamtauni aphunzitsi ndi ochuluka pomwe zakumudzi akusowa. Kutsatira banja amalola koma setifiketi ya ukwati ikhalepo, ndipo atha kuwapatsa sukulu ya Blantyre kumudzi, mbali za Lunzu, Lirangwe kapena Mpemba uko. Apite kwa mkulu woona za maphunziro m'boma (DEM) akafunse okha asamve zamumsewu.

Dada_WaKuMpoto:

Bwanji aliyense akati tauni amangoganiza Blantyre ndi Lilongwe? Zomba nayo ili ndi sentro, Mzuzu ilinso ndi yake yomwe inatsegulidwa 2000, ndipo konseko tauni ndi yaing'ono, anthu ambiri amapita kuntchito pa kabaza kapena wapansi. Ku Mzuzu kuno Mzuni ili ndi maphunziro a unamwino. Koma poti munda uli ku Ntcheu ndiye Mzuzu yatalika, ine ndikanayang'ana Zomba. Mpunga waku Chilwa, nsomba, ndiwo zotsika kuphiri, moyo wake ngofewa kusiyana ndi Blantyre.

NesiWaKuseri:

Zikomo nonse, mwanditsegula mmaso. A Kiliniko mwandiopseza ndi nkhani ya alendoyo poti apongozi anga ayamba kale kuuza anthu kutchalitchi ndisanapite nkomwe kkkk. Dada, Zomba ndikanakonda koma malo apezeka ku Queens, kwinako ndilibe wondigwira dzanja. Takambirana ndi bambo usiku wathawu, tikuona ngati ndiyambe ndapita ndekha ndikapeze kachipinda, iwo ndi ana atsale amalize chaka cha sukulu uku akuyendetsa za transifa yawo. Koma nyumba tikukhalayi ndi yachipatala, ndikachoka ine sawatulutsa? Komanso a Sisita, chipinda chimodzi cha munthu mmodzi chimapezeka mbali iti chosaboola mthumba?

MkuluWaMaFayilo:

Awatulutsa, nyumbayo ndi ya amene adzalowe mmalo mwanu. Afunse kusukulu kwawo ngati pali nyumba ya aphunzitsi yopanda munthu, apo ayi apeze ya lendi pa tireding'i senta inu musananyamuke.

Sisita_Chitawira:

Maganizo opita nokha kaye ndi abwino, ambiri tinayamba choncho. Yang'anani boyizi kwata ku Chitawira, Naperi kapena Nkolokosa, kapena mugawane nyumba ndi namwino mnzanu, atsikana ambiri akuwodi amatero ndipo zimathandiza poti wina akakhala naiti wina ali pakhomo, akuba amaonera nyumba yomwe imagona yokha. Mita ya magetsi mufunse ngati ndi yanuyanu kapena yogawana ndi nyumba yaikulu, yogawana ija mikangano yake siitha, wina ali ndi filiji ziwiri ndi kuka koma mayunitsi mukugula mofanana. Koma musakhalitse motalikirana ndi bambo, chaka chimodzi chikwane, kuyendetsa makomo awiri pa salale zathuzi nkolemetsa komanso pabanja pamalowa mphepo. Mukadziwa wodi yomwe akuikani mundiuze ku inibokisi, ndifunsa kwa anzanga ngati pali amene akusaka wogawana naye nyumba mwezi umenewo.