Mbatatesi zanga zakana kukoka madzi

Sir wa Fomu 3: Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo ndimachititsa practical ya osmosis (kuyenda kwa madzi kudutsa kachikopa kopyapyala kupita komwe kuli shuga kapena mchere wambiri), visking tubing (kachubu kopyapyala kochitira practical imeneyi) tilibe ndiye ndinangotenga mbatatesi, kuboola kadzenje pamwamba, kuthiramo shuga n'kuika m'mbale ya madzi. Tadikira mpaka belu kulira, m'kadzenjemo muli gwaa, shuga ali mbee ngati poyamba. Ana amangondiyang'ana ngati ndawanamiza.

Madam a ku lab: Pansi pake munasenda?

Sir wa Fomu 3: Ayi, ndinangotsuka basi

Madam a ku lab: Ndiye pagona nkhani pamenepo achimwene. Khungu la mbatatesi sililola madzi kudutsa, n'chifukwa chake imatha masabata ili m'dengu osafota. Sendani pansi ndi m'mbali monse momwe mukhudze madzi, pansipo mudule pakhale flati kuti isagubuduke. Komanso mphindi 40 zachepa, ine ndimakonza m'mawa ana n'kudzaona titaweruka ku break, amapeza shuga wasungunuka madzi ali tho m'kadzenje.

Bambo HOD (mkulu wa dipatimenti): Ikani mbale zitatu. Yaiwisi ya shuga, yaiwisi yopanda shuga, ndi yophika ya shuga. Yophikayo madzi sakwera chifukwa moto waononga membrane (kachikopa kopyapyala) ya maselo, sikusankhanso choti chidutse. Popanda zinazo mwana adzangolemba kuti "shuga amakoka madzi", membrane osaitchula n'komwe, pa MSCE malikisi apita.

Mphunzitsi wa Agri: Ine ndimangowafunsa kuti bwanji ukathira urea pafupi kwambiri ndi phesi kunja kuli ng'amba chimanga chimapsa? Onse amadziwa, ena anakalipiridwapo kumunda. Dothi limakhala ndi mchere wambiri kuposa m'mizu ndiye madzi amatuluka m'mizumo m'malo molowa.

Sir wa Fomu 3: Nanga active transport, kuja mizu imagwiritsa ntchito mphamvu kukoka michere m'dothi, ndionetsa bwanji?

Bambo HOD: Imeneyo ndi mbatatesi simuitha. Atengereni ku chimanga cha pamalo podikha madzi. Mizu ikasowa mpweya respiration (kutulutsa mphamvu m'chakudya m'maselo) imatsika, mphamvu yokokera michere kuchoka pochepa kupita pochuluka palibe, mwa zina n'chifukwa chake chimachita chikasu feteleza atathiridwa kale.

Sir wa Fomu 3: Madam zatheka! Yosenda ija madzi akwera mpaka kusefukira. Yophika sindinaione bwino, wina wa kumbuyo waidya ndi shuga yemwe, mawa ndiphikanso.