Andiika mbali ya osuta fodya ndili woyembekezera, ndikane kapena ndipirire?

Admin ndibiseni dzina chonde. Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Johannesburg, ndipo panopa ndili woyembekezera. Pamalopo pali mbali ya osuta, anaitchinga ndi magalasi ndipo ili ndi chitseko chakechake. Koma chitsekocho amachitsekereza ndi mpando usiku wonse kuti tizidutsa msanga ndi mbale, ndiye utsi umangoyenda paliponse. Manijala wandiika mbali imeneyo mashifiti a Lachisanu ndi Loweruka, nthawi imene ndudu ndi hubbly (kaliwo wamadzi wosutira fodya) sizizima. Ndikaweruka tsitsi, yunifomu, ngakhale chikwama zonse fungo la fodya, mseru osanena.

Chimene chikundimanga manja n'chakuti matipu ambiri ali komweko. Osuta amakhalitsa, amaitanitsa mowa mobwerezabwereza, ndipo pochoka sakhala aumbombo. Ndalama imeneyo ndi imene ndimalipirira lendi n'kutumizako kumudzi. Komanso sindikufuna kuoneka ngati ndikudana ndi osuta. Ineyo sukulu anandilipirira ndi fodya wa bale amene bambo ankalima ku Kasungu. Kodi lamulo la kuno limandilola kukana? Nanga ndikakana sandichotsa ntchito?

Mayankho

Mchemwali wa ku Cape Town:
Achemwali, lamulo lili mbali yanu. Lamulo la kuno loona za fodya, Tobacco Products Control Act ya 1993, limene analikonzanso mu 2007, limanena kuti bwana asachite kukukakamizani kugwira ntchito mbali yosutira, asakusainitseni pepala loti zikakuvutani ndi zanu, ndiponso asakubwezereni chifukwa chodandaula za utsi. Akaphwanya zimenezi chindapusa chake chimafika R100 000. Mbali yosutirayo siyenera kupitirira 25 peresenti ya malo onse, ndipo iyenera kutchingidwa ndithu, utsi wake uzitulukira kunja. Za mpando pachitsekozo ndiye kuphwanya lamulo kale kumeneko.

Bambo wa ku Pretoria:
Ine ndimasuta ndipo sindibisa. Anthu amatitenga ngati zigawenga chonsecho ndudu timagula mushopu, msonkho tikulipira wambiri. Mu 2020 nthawi ya lockdown anatiletsa kugula fodya kwa miyezi pafupifupi 5, chinachitika n'chiyani? Tinkagula wa kuseri pamtengo wokwera, boma osapezapo kanthu. Mu 2022 ku Nyumba ya Malamulo ya kuno kunalowa bilu yofuna kuthetseratu mbali zosutira m'nyumba zonse zofikamo anthu. Ndiye tizikasutira kuti? Malo athuwo atisiyire. Koma pa nkhani yanuyi mayi, ine sindingakondwe kuti amene akundibweretsera mowa akhale woyembekezera. Auzeni aikeko mnyamata wosuta mnzathu.

Mayi wa ku Lilongwe:
Bambo a ku Pretoria, ufulu wanuwo ndaumva, koma inu mumalowa m'chipindamo mwakufuna kwanu, mukatopa mumatuluka. Woperekera zakudya amakhalamo mpaka kutseka. Mwana wanga, utsi wopumira kwa ena ungathe kuchititsa kuti khanda libadwe lochepa thupi kapena masiku asanakwane. Mukapita kusikelo pemphani kalata kwa anamwino mukapatse manijala. Za fodya wa bambo anu zisakumangeni, ngakhale Malawi amene amadalira okushoni ya fodya ya ku Kanengo ndi ku Limbe analowa m'pangano la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta mu 2023.

Mlongo wa ku Durban:
Zamalamulozo n'zoona, koma tiuzane chilungamo. Sangakuchotseni poyera, angokuchepetserani mashifiti mpaka mutope nokha. Ndiye musakanene pakamwa pokha. Lembani meseji pa WhatsApp mwaulemu, munene kuti ndinu woyembekezera ndipo mukupempha mbali ina, yankho lake mulisunge. Jambulaninso ndandanda wa mashifiti sabata iliyonse. Akakuchotsani muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe la kuno loweruza mikangano ya pantchito, salipiritsa, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu waukulu kuno. A CCMA amamvera ngakhale ife obwera. Mawu oti ndikakunenerani musayambe nawo, mabwanawa akamva zimenezo amauma mtima.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Kalata ya kusikelo ndikapempha, meseji ndilemba usiku uno. Chatsala ndi cha matipu. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, amene amasuta, akuti tisinthane mbali ndipo tizigawana matipu a Loweruka pakati mpaka ndidzachire. Alipo amene anayesapo zogawanazi popanda kudana? Ndipo manijala timuuze kapena zikhale za awirife?