Les Misérables ya BBC ija, zonsezo zilimodi m'buku?

TelalaWakuKapata:
Anthu anga ndifunseko. Mwana wanga anandiikira mu fulashi Les Misérables ya BBC ya 2018, magawo 6, tamaliza dzulo usiku magetsi atabwera. Ine monga telala poyamba maso anali pa zovala chabe, mabatani a mayunifomu a asilikali, madiresi a azimayi olemera aja ndikuwerengera mumtima kuti pamenepa panalowa mamita angati, koma pofika pamene Fantine akugulitsa tsitsi ndi mano ake kuti atumize ndalama kosungitsa mwana ndinaiwala zosoka zonse, misozi basi. Manje zimenezi zilimo m'buku kapena anangowonjezera kuti tilire? Komanso wapolisi Javert anali wakudadi?

AphunzitsiPhiri:
Amayi zilimo ndithu. Victor Hugo anatulutsa bukuli mu 1862 ndipo za tsitsi ndi mano awiri akutsogolo analemba yekha. Zaka 19 za Valjean, mwini nkhani uja, m'ndende nazonso zilimo m'buku, 5 za kuba buledi uja, zotsalazo chifukwa choyesa kuthawa. Za Javert, m'buku si wakuda ayi, BBC inangosankha David Oyelowo chifukwa amatha ntchito, ndipo kwa ine anaitha. Chimene ambiri amasokoneza ndi nkhondo ya mumsewu ija, si Revolution ya 1789, kuukira boma kwakukulu kwa ku France kuja, ndi chipolowe cha ku Paris cha June 1832 chimene chinazimitsidwa masiku awiri okha.

Mwale_Katete:
Ine chimene chinandigwira ndi pepala lachikasu lija amayenda nalo Valjean atatuluka, paliponse akaonetsa amuthamangitsa ngati galu. Malume anga anakhalako m'ndende zaka 3, atabwera kumudzi ngakhale ganyu ya kupalira anthu ankawamana, nkhuku ikasowa dzina loyamba lawo. Ndiye pamene bishopu akuuza apolisi kuti siliva ndinamupatsa ndine, n'kumuwonjezeranso zoikapo makandulo ziwiri, ndinaimitsa filimu kaye ndinatuluka panja.

TelalaWakuKapata:
Pepani achimwene. Aphunzitsi zikomo, nanga ina yotere ndingaone iti? Koma ya zovala zakale zomwezo.

AphunzitsiPhiri:
Funani The Count of Monte Cristo ya Alexandre Dumas. Ilipo ya 1998 ya Gérard Depardieu ya magawo 4, ndi ya Chifalansa, pezani ya mawu olembedwa pansi. Edmond Dantès anamutsekera zaka 14 ku Château d'If pafupi ndi Marseille pa mlandu womunamizira. Ndipo popeza munafunsa za khungu, agogo aakazi a Dumas anali mayi wakuda, kapolo ku Saint-Domingue komwe lero ndi Haiti, bambo ake a Dumas anafika pa udindo wa jenerali m'gulu la nkhondo la France.

Mwale_Katete:
Amayi mukaipeza mundiuze, Loweruka ndikubwera ku Chipata kugula feteleza, fulashi ndili nayo.