Kodi ndimulande foni mwana wanga, kapena ndimuikire malire pa magemu?

Moni makolo anzanga ndi aphunzitsi nonse amene muli pa gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani ya magemu a pa foni ndi pa kompyuta, ndipo ndikupempha makamaka amene mwalerapo ana a msinkhu wa zaka 10 mpaka 14 kuti mundiyankhe mosabisa mawu.

Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 11, womvera ndiponso wokonda masamu, amene kale akaweruka kusukulu ankathamangira ku mpira. Chiyambireni kusewera magemu a pa intaneti, aja amene ana amasewera pamodzi aliyense ali kwawo, mpira anausiya, ndipo tulo take tachepa moti aphunzitsi ake anandiuza kuti amawodzera m'kalasi. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mkwiyo. Ndikamuuza kuti nthawi yakwana, amalira, amamenyetsa chitseko, ndipo amayankha mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwake. Pakapita kanthawi amabwera yekha kudzapepesa, ndipo ndimaona kuti nayenso sakumvetsa chimene chikumuchitikira.

Bambo ake akuti tingomulanda foniyo nkhani ithe. Ine mtima wanga sukuvomera, chifukwa anzake a m'kalasi amakumana mu gemu yomweyo, ndipo ndikuopa kuti kumuchotsamo kukhala kumupatula pakati pa anzake. Ndaonanso ndi maso anga kuti si zonse zoipa: ndamumva akugawana ntchito ndi anzake, akulimbikitsa wina amene walakwitsa, ndiponso akuganiza mofatsa njira yothetsera vuto limene lawakanika.

Ndinawerenga kuti mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti kukomedwa ndi magemu kukhale pa mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale zotsatira zake zikuonekeratu kuti ndi zoipa. Ndipo kawirikawiri zimenezi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12, zikusokonezadi sukulu kapena moyo wa pakhomo, kuti madokotala anene kuti ndi matenda. Bungwelo limanenanso kuti ndi anthu ochepa chabe mwa osewera amene amafika pamenepa. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi pang'ono, komabe kholo silingapinde manja miyezi 12 kudikira kuti litsimikize.

Funso langa lalikulu ndi ili: kodi mkwiyo umenewu ukuchokera ku kuwomberana kumene amaona mu gemu, kapena kuli gwero lina? Nanga inu amene munalandapo foni, zinatha bwanji?

Yankho la bambo wina

Mayi, ine ndinalanda, choncho ndiyankha mbali imeneyo yokha. Masiku oyamba pakhomo panali bata, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Kenako ndinazindikira kuti mwana wanga akuchedwa kubwera kuchokera kusukulu chifukwa akusewera pa foni za anzake, kumene sindinkadziwa gemu imene akusewera kapena anthu amene akulankhula nawo. Magemu sanathe, koma anangochoka pamaso panga, ndipo mwana anaphunzira kunama. Ngakhale dziko la China, limene mu 2021 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi pa masiku a tchuthi cha boma, linakumana ndi vuto lakuti ana ena ankalowa ndi mayina a akuluakulu. Ngati boma lathunthu likuzembedwa, nanga kholo limodzi? Bambo a mwanayo ndikuwamvetsa, chifukwa nanenso ndinali ndi maganizo omwewo, koma muwapemphe kuti muyambe mwayesa malire.

Yankho la mayi wina, mphunzitsi

Mayi mnzanga, musanayang'ane za kuwomberana, yang'anani za tulo. Akatswiri a za tulo a ku America amalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Mwana amene sakufika pamenepa amapsa mtima msanga, amaiwala zimene waphunzira, ndipo amalephera kukhazikika maganizo, kaya amasewera gemu yankhondo kapena yomanga nyumba. M'kalasi mwanga mwana wosagona ndimamudziwa phunziro loyamba lisanathe. Langizo langa ndi lakuti foni isamagone m'chipinda cha mwana, ndipo izizimitsidwa patatsala ola lathunthu kuti agone. Lamuloli likhale la nyumba yonse, chifukwa mwana sangalilemekeze akuona makolo ake akupita kukagona foni ili m'manja.

Pa funso lanu la nkhanza, ofufuza akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo ku America la American Psychological Association linanena kuti palibe umboni wokwanira wakuti magemu ankhanza amachititsa munthu kuchita ziwawa zenizeni, ngakhale kuti pali kugwirizana kochepa pakati pa magemu otere ndi khalidwe monga kukalipa kapena kukankha ena. Tanthauzo lake kwa ife makolo ndi lakuti tisaope kuti mwana asanduka chigawenga, koma tisanenenso kuti zimene amaonera zilibe kanthu. Ine chimene chandikhudza kwambiri mu uthenga wanu ndi mpira umene wausiya. WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri vuto la magemu limaonekera pa zimene alowa m'malo mwake: tulo, homuweki, kuthamanga, ndi kucheza pamasom'pamaso.

Yankho la mnyamata amene wakula akusewera magemu

Amayi, ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene ndinali pa msinkhu wa mwana wanuyo si kale kwambiri. Pali chinthu chimene makolo ambiri sachidziwa: gemu ya pa intaneti siimitsidwa. Mwana akakhala pakati pa mpikisano ndi anzake, kuzimitsa foni kuli ngati kutulutsa goloboyi m'bwalo mpira uli mkati. Timu yake imagonja, anzake amamudzudzula, ndipo magemu ena amalanga wosewera amene wachoka pakati pomutsitsa mulingo kapena kumuletsa kulowa kwa kanthawi. Misozi imene mumaona nthawi zambiri imachokera pamenepa. M'malo monena kuti "zimitsa pompano", mufunseni kuti mpikisano umodzi umatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mugwirizane kuti uno ndi womaliza asanauyambe. Akaphwanya panganolo, mawa lake asasewere, ndipo chilangochi achidziwiretu.

Mudziwenso kuti magemu ambiri aulere anapangidwa mwadala kuti munthu azibwerera tsiku ndi tsiku. Amapereka mphoto kwa amene walowa tsiku lililonse osadumphitsa, amaika zinthu zimene zimapezeka kwa masiku ochepa okha, ndipo amatumiza mauthenga okumbutsa. Mwana wa zaka 11 sanakhwime mokwanira pa kudziletsa, choncho akamalephera kusiya musathamangire kunena kuti ndi mwano. Choopsa kwambiri ndi tibokosi totchedwa loot box, timene wosewera amagula ndi ndalama zenizeni asakudziwa chimene chili mkatimo. Mu 2018 akuluakulu oona za njuga ku Belgium anagamula kuti tibokosi totere ndi njuga. Onetsetsani kuti foni ya mwanayo singagule kanthu popanda chilolezo chanu.

Za msinkhu, yang'anani nambala imene imalembedwa pafupi ndi dzina la gemu. Dongosolo la ku Europe lotchedwa PEGI lili ndi 3, 7, 12, 16 ndi 18. Mwachitsanzo Minecraft ili pa 7, Fortnite ili pa 12, pamene Grand Theft Auto V ili pa 18, ngakhale kuti ana ambiri aang'ono amaisewera makolo awo asakudziwa. Nambalayi imanena za zimene zili mkati mwa gemu, osati kuvuta kwake, ndiponso sinena kanthu za mawu amene osewera ena angalankhule kwa mwana wanu. Pa foni za Android pali Family Link, pa iPhone pali Screen Time, ndipo zonsezi zimalola kholo kuika nthawi yosewera ndi nthawi yogona. Koma koposa zonse, khalani naye pansi tsiku lina kuti akuphunzitseni gemuyo. Mudzamva nokha zimene zimalankhulidwa mmenemo, ndipo iye adzayamba kukuuzani zinthu popanda kufunsidwa.

Yankho la mwini funso

Zikomo kwambiri nonse. Bambo, uthenga wanu ndawaonetsa bambo ake a mwanayu, ndipo avomera kuti tiyambe ndi malire. Mayi mphunzitsi, foni iyamba kugona m'chipinda chathu, pamodzi ndi zathu zomwe, ndipo tapangana kuti homuweki ndi mpira zizitsogola, gemu izibwera pambuyo. Ndaona kuti gemu imene amasewera inalembedwa 12, choncho tikambirana naye za ina yoyenera msinkhu wake imene anzake angalowemo nawo.

Achimwene, mfundo yanu yakuti nambala ya msinkhu sinena za osewera ena yandipatsa nkhawa yatsopano. Nditayang'ana mndandanda wa anzake mu gemuyo, ndapeza mayina ambiri amene iye mwini sakuwadziwa pamaso, ndipo akuti ena mwa iwo mawu awo ndi a anthu akuluakulu. Mmodzi anamulonjeza mphatso ya mu gemu ndipo anamupempha kuti azilankhulana pa pulogalamu ina, koma mwanayo anakana. Kodi ndingatseke kulankhulana ndi alendo n'kusiya anzake a kusukulu okha, osatseka gemu yonse? Nanga ndimufotokozere bwanji za munthu wotereyu kuti akhale wochenjera, koma asachite mantha mpaka kuyamba kundibisira wina akamulemberanso?