Za ulendo wa ku Nyika uja, ndabwerako

Mwezi watha ndinafunsa ngati munthu angayende wapansi kuchokera ku Chelinda, malo ofikira alendo kumalo osungirako nyama a Nyika, mpaka ku Livingstonia m'nyengo yozizira ino. Abale anga, zinatheka. Tinayenda masiku 3, tikugona m'matenti, limodzi ndi mlonda wa nyama wonyamula mfuti, poti paja salola alendo kuyenda okha.

Inu amene munandichenjeza za chisanu munanena zoona. M'mamawa udzu unkachita kuyera kuti mbee, zala osagwira ngakhale chingwe cha nsapato. Koma mbidzi, ntchefu ndi chilembwe tinaziona pafupi zedi m'zitunda zopanda mitengo zija. Chomwe chinandisautsa n'chitsetso cha tsiku lomaliza, mawondo akuphwanyabe mpaka lero. Msewu wopita ku Chelinda wochokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima, ndi galimoto yaing'ono musayese n'komwe.